Ng'oma, Malata ndi Kanyumba Koyesera Phokoso

Mvula pa Denga la Sukulu

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mvula imagwa yamphamvu kuyambira mwezi wa Disembala kufikira Malichi. Mlimi akaimva mtima wake umakondwa, pakuti chimanga, mtedza ndi fodya zimadikira madzi amenewo. Koma m'nyumba ya sukulu yofoleredwa ndi malata nkhani imakhala ina. Madontho oyamba akagunda denga, mphunzitsi amakweza mawu. Mvula ikalimba, amafuula. Ikafika pachimake, amangotseka buku nakhala pansi, chifukwa ngakhale mwana wa pa benchi loyamba sangamve kanthu. Tsiku lotere ana ayenda mtunda wautali, awoloka mitsinje, koma abwerera kwawo osapindula.

Vuto lomweli limapezeka m'tchalitchi, m'chigayo, m'basi, m'sitima ndi m'ndege. Monsemu munthu amakhala m'kati mwa chinthu chotsekeka chimene makoma ake akunjenjemera. Tsono funso ndi ili: kodi munthu angadziwe bwanji, chinthu chisanamangidwe, kuti m'kati mwake mudzakhala phokoso lotani? Pakuti njerwa zikamangidwa ndipo malata akakhomedwa, ndalama zapita, ndipo madzi akatayika saoleka. Yankho la funsoli lili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo ikuyambira pa bwalo la gule.

Nzeru ya Osema Ng'oma

Kale Azungu asanafike, Achewa a m'mapiri awa anali kudziwa kuti chinthu cha mphako chimalira molingana ndi ukulu wake. Mmisiri wa ng'oma anali kudula thunthu la mtengo, kuliboola m'kati, nakunga chikopa pamwamba pake ndi zikhomo. Akafuna mawu aakulu, onga a bambo, anali kusema ng'oma yaikulu. Akafuna mawu aang'ono, onga a mwana, anali kusema yaing'ono. Pa bwalo la gule wamkulu ng'oma siilira imodzi. Pali mbalule, imene imatsogolera mapazi a wovina, pali mpanje, palinso zina, iliyonse ndi liwu lake. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulemekeza m'chaka cha 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Oimba ng'oma amadziwanso zinthu zina ziwiri. Chikopa chikaphwa amachiwamba pamoto kuti chikungike, ndipo mawu amakwera. Akamata phula pakati pa chikopa, chikopacho chimalemera, ndipo mawu amatsika. Motero ukulu, kukungika ndi kulemera ndizo zimalamulira kaliridwe ka ng'oma.

Ovina mganda nawonso ali ndi umboni. Gule ameneyu anafala nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, potsanzira perete wa asilikali. Anyamata ake amaimbira m'malipenga a zikho, ndipo chikho chachikulu chimatulutsa mawu aakulu pamene chaching'ono chimatulutsa aang'ono. M'zaka za m'ma 1950 Mzungu wina dzina lake Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland kujambula nyimbo ndi makina, nafikanso ku Visanza, kumene lero ndi boma la Ntchisi. Iye anali kuyenda ndi tizitsulo toyesera mawu, ndipo anali kulemba m'buku kuti choimbira chakuti chimanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Zimene amisiri anali kuzidziwa ndi khutu, iye anali kuzilemba m'manambala.

Chinsinsi cha ng'oma ndi ichi: dzanja limagunda chikopa, chikopa chimanjenjemera, ndipo mphepo ya m'kati imanjenjemera nacho pamodzi. Wowerenga ayerekeze tsono kuti chikopa ndi denga, thunthu ndi makoma, ndipo mvula ndiye woimba. Adzaona kuti sukulu ya malata ndi ng'oma yaikulu, ndipo ana akhala m'kati mwake.

Kufika kwa Malata

Nyumba za makolo zinalibe vuto limeneli. Tsindwi la udzu ndi lofewa ndiponso lochindikala, kotero dontho likagwapo mphamvu yake imathera pomwepo. Malata a mizeremizere anayambira ku London, kumene Henry Palmer analembetsa luso lake m'chaka cha 1829. Chitsulo chopyapyala chikapindidwa mizere chimalimba, komabe chimakhala chopepuka, ndipo chifukwa cha ichi malata anatengedwa pa sitima kupita ku mayiko ambiri.

M'chaka cha 1889 Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga mishoni pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula ina pa Kongwe. Pamodzi ndi mamishoni, maboma ndi masitolo, kunafika kamangidwe katsopano ka njerwa zootcha, ndipo pang'ono ndi pang'ono malata anayamba kuonekera m'mapiri. Ulimi wa fodya utakula, makamaka boma litakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926, ndiponso amuna atayamba kubwera ndi ndalama kuchokera ku Salisbury ndi ku Joni, nyumba ya malata inasanduka chizindikiro cha munthu wolimbika ntchito. Ndipo nzoona malata ali ndi ubwino wake: sapsa msanga, chiswe sichiwadya, ndipo safuna kumweta udzu chaka ndi chaka.

M'chaka cha 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndipo ana olembetsa anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Zipinda zinafunika msanga, ndipo zambiri zinamangidwa ndi malata okha popanda siling'i. Akatswiri amayesa phokoso ndi muyeso wotchedwa desibelo. Munthu wolankhula bwinobwino amatulutsa madesibelo ngati 60. Bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza mu 1999 kuti phokoso losokoneza m'kalasi lisapose 35. Koma mvula yamphamvu pa malata opanda siling'i imatha kufika pa 70. Nchifukwa chake mphunzitsi amagonja.

Munthu Amene Anasenza Makhushoni Usiku

Ngakhale m'mayiko a Azungu omanga anakhala zaka zambiri akungolota. Nyumba yaikulu ya nyimbo ya Royal Albert Hall ku London inatsegulidwa mu 1871, koma mawu anali kubwerera m'menemo monga amachitira munthu akafuula pakati pa mapiri. Vutoli linachepetsedwa mu 1969, patapita zaka 98.

M'chaka cha 1895 sukulu yaukachenjede ya Harvard ku America inatsegula nyumba yatsopano yotchedwa Fogg. M'chipinda chake chophunzitsiramo liwu limodzi linali kukhala masekondi oposa asanu lisanazirale, kotero mawu anali kukwerana ndipo ophunzira sanali kumva kanthu. Akuluakulu anapereka vutoli kwa mphunzitsi wachinyamata, Wallace Sabine. Iye anali kugwira ntchito pakati pa usiku, misewu itakhala chete. Pamodzi ndi omuthandiza anali kusenza makhushoni a mipando kuchokera ku nyumba ina yotchedwa Sanders Theatre, nawabweza kusanache. Anali kuliza chitoliro, kuchiletsa, nawerenga pa wotchi nthawi imene mawu anatenga kuti azirale. Kenaka anali kuwonjezera makhushoni nayesanso.

Atachita zimenezi usiku wambiri anapeza lamulo: chipinda chikakula, mawu amachedwa kuzirala, zinthu zofewa zikachuluka, mawu amazirala msanga. Ndi lamulo limeneli anathandiza omanga nyumba ya nyimbo ya Symphony Hall ku Boston, imene inatsegulidwa mu 1900 ndipo imatamandidwa kufikira lero. Komabe lamulo la Sabine silinanene zonse. Silinathe kunena kuti pa mpando wakuti mawu adzamveka bwanji, kapena kuti khoma lopindika lidzaponyera mawu kuti.

Kuyesa Chachikulu ndi Chaching'ono

Mwana woweta ng'ombe amaumba ng'ombe yadothi, nyanga ndi linunda zomwe. Mnzake amapinda mawaya napanga galimoto loyenda ndithu. Akuluakulu amati ndi masewera, koma m'masewera amenewa muli nzeru imene omanga sitima anaigwiritsa ntchito.

William Froude wa ku England anamanga thanki lalitali la madzi pa Torquay, limene linayamba ntchito mu 1872. Anali kuumba tisitima ta phula, kutikoka m'madzimo, nayesa mphamvu yofunika kuti tiyende. Iye anaonetsa kuti kachifanizo kamanena zoona pokhapokha lamulo lake litsatidwe. Mwachitsanzo, kasitima kochepa ka 25 poyerekeza ndi sitima yeniyeni kayenera kukokedwa pa liwiro lochepa kasanu. Mu 1901 abale awiri a banja la Wright ku Dayton anayesa timapiko pafupifupi 200 m'bokosi lopemerera mphepo, ndipo mu 1903 ndege yawo inauluka.

Amene anatengera nzeru imeneyi ku nkhani ya mawu ndi Friedrich Spandöck wa ku Munich m'dziko la Germany. Mu 1934 anafalitsa zimene anapeza poyesa kachipinda kochepa kasanu. Kuti wowerenga amvetse lamulo lake, ayambe wakumbukira mphezi. Kuwala kumaoneka msanga, koma kugunda kumafika mochedwa, pakuti mawu amayenda mapazi ngati 1,100 pa sekondi imodzi, ndiye kuti mailo imodzi pa masekondi asanu. Mawu amayenda ngati mafunde a pa dziwe. Liwu lalikulu la bambo, lonjenjemera ka 110 pa sekondi, lili ndi funde lotalika mapazi 10. Tsono m'kalasi lotalika mapazi 30 mumakwana mafunde atatu otere.

Mmisiri akamanga kanyumba kochepa kakhumi, kutalika kwake kudzakhala mapazi atatu. Kuti m'menemo mukwanenso mafunde atatu, funde lililonse liyenera kukhala phazi limodzi, ndipo liwu la funde lotere limanjenjemera ka 1,100 pa sekondi. Lamulo lake ndi limeneli: nyumba ikachepa kakhumi, mawu oyesera akwere kakhumi. Ndilo lamulo lomwe lija la chikho chachikulu ndi chaching'ono.

Makina a tepi atafala m'zaka za m'ma 1950, ntchito inapepuka. Akatswiri anali kujambula nyimbo kapena mawu a munthu, kuthamangitsa tepi kakhumi, nawaliza m'kanyumba. Kamaikolofoni koikidwa pa kampando kanali kuwajambulanso. Tepi yachiwiriyo akaiyendetsa pang'onopang'ono, munthu anali kumva monga adzamvere wokhala pa mpando umenewo m'nyumba imene inali isanamangidwe. Vilhelm Jordan wa ku Denmark anayesa motere kachifanizo kochepa kakhumi ka Sydney Opera House ku Australia, nyumba imene inatsegulidwa mu 1973. Yasuhisa Toyota wa ku Japan anayesanso kachifanizo ka nyumba ya nyimbo ya Elbphilharmonie ku Hamburg, yotsegulidwa mu 2017. M'tinyumba totere amakhazika tizidole pa timipando, chifukwa matupi ndi zovala za anthu zimamwa mawu monga makhushoni a Sabine aja.

Mtengo wa kulakwa unaoneka ku New York. Nyumba ya Philharmonic Hall inatsegulidwa mu 1962, oimba nadandaula kuti mawu sakumveka bwino. Mu 1976 m'kati mwake monse munaphwasulidwa ndi kumangidwanso.

Pamene Makoma Enieniwo Anjenjemera

M'nyumba ya nyimbo makoma amangobweza mawu. Koma m'sitima, m'ndege ndi m'galimoto makoma enieniwo ndiwo amalira. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi Glasgow mu 1949, nibwera m'zidutswa, niyamba ntchito pa nyanja mu 1951, ndi chitsanzo chabwino. Injini zake zili pansi, koma munthu wogona m'chipinda chapamwamba amamva kugunda kwake, pakuti kunjenjemera kumayenda m'chitsulo. Mawu amathamanga m'chitsulo koposa m'mphepo ngati ka 15. Aliyense angayese: aike khutu pa waya wa mpanda, mnzake agogode wayayo ali patali. Amuna amene anakwera ndege za Wenela popita ku migodi, ulendo umene unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, anakhala maola ambiri m'kati mwa chitsulo chogwedezedwa ndi injini ndi zopalasira mphepo.

Pali chinthu chinanso chimene wokwera basi aliyense anachiona. Basi ikaima injini ikulira, mazenera amatha kuchita phokoso lalikulu, koma dalaivala akaponda moto pang'ono amakhala chete. Chifukwa chake ndi chakuti chinthu chilichonse chili ndi kanjenjemeredwe kake kamene chimakonda, monga ng'oma ili ndi liwu lake. Injini ikagunda molingana ndi kanjenjemeredwe kameneko, chinthucho chimayankha mwamphamvu. Mphepo ya m'chipinda nayonso ili ndi mawu ake amene imakonda. Khoma ndi mphepo zikagwirizana pa liwu limodzi, phokoso limakula kwambiri.

Kuti adziwiretu zimenezi, akatswiri amapanga kachifanizo ka thunthu la ndege kapena ka chipinda cha sitima ndi chitsulo chomwecho. Amachepetsa zonse mofanana: utali, mulifupi, nthiti zake, ngakhale kuchindikala kwa chitsulo. Kachifanizo kakachepa kanayi, amakagwedeza ndi makina mofulumira kanayi, ndipo timaikolofoni ta m'kati timayesa phokoso pa malo osiyanasiyana. Akapeza kuti kachifanizo kakulira kwambiri pogwedezedwa ka 400 pa sekondi, amadziwa kuti chinthu chenicheni chidzalira pa 100. Ngati injini yake imagunda pa nambala yomweyo, amasintha kamangidwe pasadakhale: amawonjezera nthiti, amamata zolemeretsa monga phula pa ng'oma, kapena amakhazika injini pa mphira. Kusintha kachifanizo ndi ntchito ya masiku ochepa, pamene kusintha sitima yomalizidwa ndi ntchito ya ndalama zambiri.

Zimene Kachifanizo Sikangathe

Kachifanizo kali ndi malire ake. Khutu la munthu limamva mawu onjenjemera kuyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi, ndipo mawu oyesera akakwera kakhumi ena amapitirira pamenepo, kotero pamafunika zida zapadera. Ndiponso mphepo imamwa mawu aang'ono kwambiri koposa aakulu; chifukwa chake akatswiri amaumitsa mphepo ya m'kanyumba kapena amadzazamo mpweya wa nayitirojeni. Misomali, zowotcherera, guluu ndi mphira nzovuta kuzichepetsa molondola, chonsecho ndizo zimathandiza kuziralitsa kunjenjemera. Dontho la mvula nalonso silichepetseka, ndipo poyesa madenga amatenga chidutswa cha denga lenileni nachiika pansi pa thanki lobooledwa timabowo. Mayiko anagwirizana za kayesedwe kameneka mu 2006.

Mu 1968 Asbjørn Krokstad ndi anzake ku Trondheim m'dziko la Norway anaonetsa kuti kompyuta ingathe kulondola njira za mawu m'chipinda chongojambulidwa. Lero ntchito yambiri imachitika motero. Komabe pa nyumba zikuluzikulu akatswiri amamangabe kachifanizo, kuti aone ngati kompyuta yanena zoona.

Phunziro kwa Omanga a m'Midzi

Komiti ya sukulu ya ku Ntchisi kapena akulu a mpingo a ku Dowa alibe makina a ku Munich, koma njira yoyesa chinthu chisanamangidwe ndi yawo yomwe. Atenge debe lopanda kanthu, alivundikire pansi, mmodzi athire mchenga pamwamba pake pang'onopang'ono, ena amvetsere. Kenaka amate dothi lonyowa kapena chidutswa cha mphira kunsi kwa chitsulocho, athirenso mchenga. Phokoso lidzachepa ndithu. Kuyesa kotere sikungapereke nambala yeniyeni ya madesibelo, koma kumaonetsa njira imene ikuposa inzake.

Zimene akatswiri anapeza zingagwire ntchito pamudzi. Malata ochindikala amalira pang'ono kusiyana ndi opyapyala. Malata okhomedwa molimba pa mitanda yoyandikana sagwedera ngati olendewera. Siling'i ya matabwa, kapena ya bango ndi mphasa, imatchinga phokoso lochokera ku denga, nimwanso mawu obwerera, ndiponso imachepetsa kutentha m'mwezi wa Okutobala. Mwini chigayo akhazike injini pa maziko akeake a simenti, osakhudzana ndi mizati yonyamula denga, pakuti mzati ukanjenjemera denga lonse limasanduka ng'oma. Wogaya avale zotseka m'makutu, chifukwa phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku limagonthetsa munthu pang'onopang'ono, ndipo khutu likafa motero palibe mankhwala olidzutsa.

Siling'i imafuna ndalama, ndipo pomanga ndiyo imayamba kuchotsedwa pa mndandanda. Koma ana a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaphunzira miyezi inayi ya dzinja pansi pa denga limenelo, chaka ndi chaka, kufikira nyumbayo idzagwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsono pamene mudzi wasonkhana kuumba njerwa, pakhale munthu mmodzi woimirira nafunsa mmisiri, maziko asanakumbidwe, kuti, "Kodi mvula ikadzagwa, mwana wa pa benchi lomaliza adzamva mphunzitsi?"